Kuthokoza a Nduna pa Timakina Tomvera Ming'alu

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Milatho, Nyumba ndi Zonse Zoyenera Kuima,

Bwana,

Ndagwira mwendo wanu. Ndine munthu wamng'ono, mlembi wa m'chipinda cha mafayilo, pa nsanjika yachiwiri ya nyumba yanu yakale ija, yomwe mumaidutsa mutakweza magalasi a galimoto. Ndagwira ntchito muno zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndipo sindinalembepo kalata yodandaula. Inonso si yodandaula ayi. Ndi yothokoza, kungoti zothokozazo zachuluka, ndiye ndaziika m'ndondomeko.

Choyamba, zikomo chifukwa cha timakina tomva kugwedezeka tomwe munamata pamakoma athu miyezi isanu ndi itatu yapitayo. Ife kuno timatitcha nkhupakupa, poti timakinato tinakakamira khoma ngati kuti ndi khutu la galu. Tsiku lokhazikitsa munati kuyambira tsopano nyumba izilankhula yokha ikamva kupweteka. Tinaomba m'manja mpaka fumbi la kudenga linatithira imvi. Sindiiwalanso ulemu wa anthu anu, omwe anafika dzulo lake ndi ndowa ziwiri za penti n'kupaka mng'alu waukulu wa m'chipinda mwathu, kuti usakuchititseni manyazi pa zithunzi.

Chachiwiri, zikomo potichotsera a Rula. Mwina simukuwadziwa. Anali mesenjala wathu, bambo wachikulire woyenda ndi rula ya kusukulu m'thumba la malaya. Lolemba lililonse, kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ankayeza mng'aluwo n'kulemba deti pakhoma ndi pensulo. Poyamba munkangolowa pepala. Kenako pensulo yomweyo. Chaka chatha ankapisamo dzanja n'kupatsana moni ndi a m'chipinda chinacho. Analemba makalata khumi ndi atatu ochenjeza. Ndikudziwa chifukwa ndinawasunga ndine, m'fayilo yomwe pano ikuchirikiza mwendo wa tebulo langa, poti pansi panapendekeka. Timakina titafika, bwana wathu wamkulu anawaitana n'kuwauza kuti, "Madala, sayansi yabwera, kapumeni." Anatsanzika aliyense ndi manja awiri. Kwa ine anangoti, "Mwanawe, uzikhala chakuchitseko."

Chachitatu ndi chachitali, mundipirire.

Patangotha masabata atatu, nkhupakupa ya m'chipinda mwathu inayatsa kanyali kofiira n'kuyamba kulira, ti-ti-ti, osapuma. Inanena ndendende zomwe a Rula ankanena, kungoti iyo simungailembere kalata yopumitsa ntchito. Kunabwera injiniya, mayi wa jombo zake ndi chisoti chake. Anapala penti ija ndi kiyi, n'kusuzumira, nkhope inasintha. Anatiuza kuti titulukemo tsiku lomwelo, ndipo anakalemba zomwezo ku likulu. Sabata yotsatira tinamva kuti mwamukweza pa ntchito, mwamutumiza kutali kukawerenga zikwangwani za m'misewu. Tikumunyadira.

Kulira kuja kunapitirira, ndipo bwana wathu anati kukusokoneza misonkhano. Anayamba ndi kumata selotepi pa kanyali. Sizinathandize. Anachotsa batire, a ku likulu n'kuimba foni kuti kamakina kamodzi kakhala chete. Apa ndi pomwe nzeru za utsogoleri zinaonekera: anakamatula ndi mpeni wa buledi, n'kukakamata pakhoma la chimbudzi chatsopano cha mabwana, kuseri kwa malo oimika galimoto. Chiyambire tsiku limenelo kanyali ndi kobiriwira, usana wonse. Ndikhulupirira kuti pa kompyuta yanu nyumba yathu ikuoneka yathanzi. Si bodza konse, bwana. Chimbudzicho chili bwino zedi.

Chachinayi, zikomo chifukwa cha lipoti la amake mapasa. Awa ndi anzanga otaipa makalata, takhala moyandikana matebulo zaka khumi. Lachinayi la sabata yatha, cha m'ma teni koloko m'mawa, chibuma cha simenti chachikulu ngati sutikesi chinathothoka kudenga, chinawamenya paphewa n'kuphwanya kompyuta. Ine ndinali nditangodzuka kukatenga fayilo kushelefu. Tinawanyamula tili anthu anayi, kutsika nawo masitepe, fumbi lili koboo, ndipo njira yonse ankangofunsa chinthu chimodzi: "Ana anga akawatenga ndani kusukulu?" Pano ali kwa achemwali awo, mkono uli m'chikhakha, kapu ya madzi akuchita kuwamwetsa.

Komiti yanu inafika mwachangu chodabwitsa, anthu asanu ndi awiri, magalimoto asanu ndi awiri. Sanakwere kumwamba kuno, anaima pabwalo ataika manja kumbuyo. Lipoti lawo likuti malinga ndi timakina, nyumbayi sinagwedezeke tsiku limenelo, choncho palibe umboni woti china chake chinagwa. Ndinapita dzulo kukawauza amake mapasa nkhani yabwinoyi, kuti sanavulale. Anafuna kuseka, phewa linakana.

Pano tikugwira ntchito mwachangu kuposa kale. Matebulo onse tinawakokera kuchitseko, palibe wovula nsapato, palibe wowodzera. Wina akagwetsa sitampa pansi, anthu khumi ndi mmodzi timapezeka tili pa masitepe. Mkazi wanga, yemwe kale sankadzuka n'komwe ndikamanyamuka, masiku ano amandiperekeza mpaka pamsewu n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Mwabwezeretsa chikondi m'banja mwanga, bwana, ndingakulipireni chiyani ine?

Tamvanso kuti mwezi wamawa mukamata timakina tina pa mlatho wa kumsika, womwe umanjenjemera ikadutsa ngakhale wilibala. Ogulitsa penti akondwa kale.

Pomaliza, kapempho kakang'ono. M'kabati mwathu munatsala kamakina kamodzi, kakadali m'katoni, katsopano. Akuti kamamva kugwedezeka kochepetsetsa, koti munthu sangakuone ndi maso. Tikupempha chilolezo choti tidzakamate pansi pa mpando wanu. Sikadzakusowetsani mtendere, tikukhulupirira kuti sikadzalira n'komwe. Tikungofuna kudziwa mwa sayansi, ife osaphunzira, ngati padziko pano pali chinthu chomwe chimakusunthani.

Ine wanu wogonjera, wotsalabe ndi mapewa onse awiri polemba kalatayi,

Mlembi wa Mafayilo,
Nsanjika Yachiwiri (pakadali pano).