Mafulashi Anayi a Mkamwini Wanga

Inu, tamverani za mkamwini wanga, uja anakwatira mwana wanga wachiwiri, amene msewu wonse umangomutchula kuti a Mawaya. Ntchito yawo amapanga makina ofungatira mazira. Kunja limaoneka bokosi wamba, koma mkati muli kabolodi, ndipo pakabolodipo pamamatira kanthu kakuda ngati nkhupakupa, amati tchipu. Katchipuko ndiko kamalamula kuti mutenthe bwanji, mazira atembenuzidwe liti. Pakokha n'kambuli, sikadziwa kanthu mpaka a Mawaya atakathira nzeru kuchokera mu fayilo imene analemba okha.

Fayilo imeneyi ankaikonda kuposa mwana wanga, ndikunena ine mayi wake. Ndiye anadziuza mumtima, n'kuuzanso msewu wonse, kuti bambo wokonza mafoni wa shopu yoyandikana akufuna kuwabera. Munthuyo akangolowa kudzabwereka sikuludiraiva, a Mawaya ankatseka laputopu ngati akubisa chithunzi cha chibwenzi.

Anaganiza, anaganiza, mpaka anapeza nzeru. Fayilo ija anaifufuta mu laputopu n'kuisiya mu fulashi imodzi yokha. Kenako anagula mafulashi ena atatu ofanana ndendende, n'kuikamo mafayilo abodza, owononga dala, dzina lomwelo, kuti wakuba akaba akalire. Abodzawo ankawasiya poyera patebulo ngati nyambo. Yeniyeniyo anaidontheza penti wofiira wa zikhadabo n'kuibisa m'kabati.

Tsono mwana wanga ndinamulera waukhondo. Tsiku lina akusesa mushopumo anapeza fulashi ya dontho lofiira m'kabati, ena opanda dontho patebulo. Anaganiza kuti amuna ake anayamba kuika chizindikiro pa katundu wawo n'kutopera panjira. Anatenga penti wake, n'kuwamalizira ntchito mwachikondi, onse n'kuwadontheza, n'kuwaika m'kachitini kamodzi.

M'mawa mwake kunatulukira mng'ono wanga, woweta nkhuku uja, amene anabwereka beseni langa n'kulisandutsa lake. Anabwera ndi makina ake pagalimoto, atawafunditsa bulangeti ngati wodwala, mazira ali momwemo. Magetsi anali atabwera ndi mphamvu n'kuotcha tchipu.

"Apongozi, mazirawa akazizira ndiye kuti atha. Ndi a nkhuku zanga zabwino zija."

"Musadandaule amayi, khalani pampandopo. Ntchito yochepa iyi."

Anasintha tchipu, n'kutsegula kabati. Mulibe. Atatsegula kachitini, anapeza madontho ofiira akuwayang'ana. Ndipo mafulashiwo anali atatu, osati anayi.

"Amayi a mwana, mwachita chiyani kuno?"

"Ndakuthandizani. Kuthokoza n'kovuta?"

A Mawaya anatola imodzi. Atangothira fayilo yake mu tchipu, makina anayamba kulira ngati ambulansi, osalekeza, mpaka wometa tsitsi wa kutsidya kwa msewu anatuluka ndi kasitomala wometedwa mbali imodzi.

"Ndikungoyesa belu," anatero a Mawaya.

Anatola yachiwiri. Thireyi ya mazira, imene imayenera kupendekeka pang'onopang'ono ngati munthu wotembenuka m'tulo, inayamba kuvina. Mng'ono wanga anaigwera ndi manja onse awiri.

"Apongozi, anapiyewa aswa ali ndi chizungulire."

Yachitatu inalowa bwinobwino. Makina ali phee, kagalasi kakuonetsa nambala yoyenera, kamphepo kofunda kakutuluka. Mng'ono wanga anapuma. Koma a Mawaya thukuta linangoti kamukamu, chifukwa anakumbukira fayilo yabodza imene ankainyadira kuposa zonse: imeneyo imakhala phee chomwecho, imaonetsa nambala yabwino, kwinaku ikuphika mazira mwakachetechete. Ndipo fulashi imodzi ikusowa. Wakuba wanzeru angabe yabodza? Ayi ndithu, watenga yeniyeniyo. Anazimitsa makina msangamsanga.

"Bwanji osakopera mu makina ena ali pakonawa?" anafunsa mwana wanga.

"Matchipu onse ndinawakhoma. Ukangoyesa kutsegula, zonse zam'kati zimafufutika zokha."

"Munakhomera ndani?"

"Akuba."

"Ndiye pano wakhomeredwa panja ndani?"

A Mawaya anakonza kolala, n'kulowa mu shopu ya wokonza mafoni, mawu ali ofewa ngati munthu wodzafunsira mbeta.

"Achimwene, simunaoneko kafulashi kanga?"

"Mukuti ndine wakuba?"

"Ayi, ndikungofunsa ngati simunakaone."

"Msewu wonse munauuza kuti ndine wakuba. Imani pakhomopo muwauze kuti munanama."

Inu, munthu wa sukulu yake anaima pakhomo, dzuwa likuswa mtengo, n'kulengeza kwa wometa tsitsi, kwa wogulitsa nsapato ndi kwa galu wodutsa kuti aneba awo ndi munthu wokhulupirika. Atamaliza, wokhulupirikayo anatsegula dirowa n'kutulutsa fulashi.

"Ndinangoisunga kuti isabedwe. Mumasiya zinthu poyera."

A Mawaya anabwerera akuyenda ngati apambana mlandu. Anathira fayilo ija, makina n'kukhala phee, nambala yoyenera, kamphepo kofunda. Anatumitsa tiyi kuti apongozi awo aiwale zovina zija, n'kuyamba kuwafotokozera mmene dzikoli ladzadzira anthu osakhulupirika. Anafotokoza nthawi yaitali ndithu, mpaka mwana wanga anakweza mphuno.

"Ndani akuphika?"

Mng'ono wanga anatsegula chitseko cha makina, nthunzi n'kumumenya kumaso. Anatola dzira limodzi ndi nsonga ya bulangeti, n'kuligogoda patebulo. Silinatayike. Analisenda, loyera bwino, lolimba, longofuna mchere.

Kenako nkhope ya a Mawaya inayamba kuwala pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti anaba yabodza. Yeniyeni ndi yachitatu ija. Mwaona amayi? Njira yanga imagwira ntchito."

Mng'ono wanga sanakalipe. Anasolola thireyi yonse n'kuiika patsogolo pawo, n'kukokera mpando wake pakhomo, n'kukhalapo.

"Imagwiradi, apongozi. Yambani kudya. Ine sindichoka pano mpaka mutamaliza."