Makina a Apongozi

Lolemba

Makina osokera a malemu apongozi afika kuchokera kumudzi, mutu pa kabaza mmodzi, miyendo pa wina. Ndi akale, opalasa ndi mapazi, timaluwa tagolide tikuonekabe pansi pa dzimbiri. Gudumu silikuzungulira.

Mayi a kunyumba akulandiridwa m'gulu la amayi kumpingo Lamulungu, ndiye akufuna asoke bulauzi yoyera pa makina a mayi awo. Ndawauza kuti pofika Lachinayi akhala akusoka.

Iwo: "Makina atatu ali pakhondewo munateronso."

Atatuwo ndi nkhani ina. Amenewo ndimangosonkhanitsa.

Zofunika: palafini, oyilo, lamba, mswachi wakale, anthu osandiyankhulitsa.

Lachiwiri

Ndamasula zonse. Tizitsulo tating'ono m'mbale zisanu, zikuluzikulu m'beseni la palafini. Sindikulemba kuti kakuti kachoka pati, mutu wanga ndi wabwino.

Mkati ndapezamo ulusi wopiringizana, mabatani awiri ndi chisa cha mavu. Mavuwo analimo.

Nyumba yonse fungo la palafini, mpaka tiyi.

Lachitatu

Chiperoni chatsika phiri, Masongola yense mbuu. Zala sizikugwira. Kasikuluwu kogwira singano kandipulumuka, kagubuduka, kalowa mumng'alu wa simenti ndikukaona. Ndagwada pamenepo ndi waya mpaka bondo kuuma.

Palibe vuto. Ndikatenga pa makina achiwiri. Sikakukwana. Pa achitatu, kakwana, koma kuti ndikafikire ndamasula mutu wonse.

Makina omasula tsopano: atatu.
Makina osoka: palibe.

Lachinayi

Lamba. Ndayenda wapansi mpaka ku Chinamwali kwa a Makwinja, telala wa pakhonde la golosale. Akuti wachikopa anasowa kalekale. Ndawafotokozera zomwe ndachita, asiya kupalasa, akundiyang'ana.

"Achimwene, mwamasula ndi zapansi zomwe? Ndibwere ndidzaone?"

Ndakana mwaulemu. Munthu wa makina anayi sangaitane wa makina amodzi.

Kunyumba ndadula lamba wanga wa buluku m'litali, ndalumikiza ndi waya. Akukwana bwinobwino. Mayi angoyang'ana lambayo, ayang'ana ine, abwerera kukhitchini.

Lachisanu

Ndamanga. Gudumu likuzungulira! Ndapalasa mpaka thukuta, kuzizira konseku.

Zatsala m'mbale: masikuluwu atatu, kasipuling'i, ndi kachitsulo kokhota komwe sindikukadziwa. Mwina ndi ka makina ena aja.

Kuyesa pa sanza: singano ikuboola, ulusi sukugwira. Ndaganiza kuti sanzayo ndi yokhuthala, ndiye ndayesa pakona pa nsalu yoyera ya bulauzi ija. Pakona pokha. Makina aikoka, aimeza mpaka pakati, aitulutsa ili ndi mzere wakuda wa oyilo.

Mayi sanakalipe. Aipinda bwinobwino, alowa kuchipinda, atseka chitseko. Bola akanakalipa.

Loweruka

M'mamawa ndapita ndekha ku Chinamwali, nsalu yatsopano kukhwapa, bulauzi yakale ya mayi yoti ayezerepo. A Makwinja sanandiseke. Asoka ine ndili pabenchi. Atamaliza ndawaonetsa kachitsulo kokhota kaja.

"Aka ndi kamene kamakola ulusi wapansi. Kathyoka mlomo. Munakamenya ndi chiyani?"

Hamala. Pang'ono pokha.

Akuti ka mtundu umenewu anakaona komaliza ali mnyamata. Ndawauza kuti ndikapeza, ngakhale ku Limbe.

Lamulungu

Mayi alandiridwa. Bulauzi yawakhala. Wina atafunsa kuti wasoka ndani, angoti, "Abambo ndi amene anayendetsa zonse."

Masana ndawapeza atakhala pa makina aja, opanda ulusi, opanda nsalu, akungopalasa. Pansi pakulira kwii, kwii. Ndathamangira oyilo.

"Musathire. Ankalira choncho amayi akamasoka, ife tikusewera pansi pa tebulo."

Apalasa nthawi yaitali. Kenako avundikira makinawo ndi chitenje, anditembenukira.

"Awa musawagwirenso."

Ndavomera. Makinawo sasoka, ndipo sindikuganiza kuti adzasokanso. Ndatsuka mbale zisanu zija, ndazibwezera kukhitchini.