Inspector Zero pa Maliro a Malume

Nkhani iyi ndimaikamba ndekha, chifukwa akaikamba abale anga amathiramo mchere wambiri. Koma olo popanda mchere, ndi yamanyazi. Sekani, koma mukandiona mu minibasi musandiloze.

Ine ndine Misheck. Ndimakhala ku Chawama, ntchito ndimagwira mu shopu ya holoselo ku Kamwala. Panja pa shopu yathu pali mudala wina amene amayala mabuku akale pansi, aja achikasu onunkha nkhungu. Ndiye anandiyambitsa mabuku a ma detective, aja akale a azungu. Nyumba yaikulu, mvula yosakata, nkhalamba yolemera yapezeka itafa m'chipinda chokhoma, ndipo aliyense m'nyumbamo ali ndi nkhope ya mfiti.

Kenako ndinalowa gulupu ya pa foni ya anthu owerenga mabuku amenewa. Admin wathu ndi ba Mutinta, aphunzitsi, ndipo amatilamulira ngati ana a giredi wani. Lamulo lawo lalikulu ndi ili: ukafika pa chaputala chomaliza, tseka buku. Aliyense atumize voice note kunena amene wapha. Tikatero timatsegula tonse, ndipo amene waloza munthu wolakwika timamuseka mpaka buku lina.

Gulupuyi ndi yokoma, osanama. Wina anati, "Aba bazungu bafa easy maningi. Ku Kanyama munthu angafe bwanji mu room yokhoma? Neighbour amamvela olo wakhosomola chabe!"

Wina nayenso, "Uyu detective alibe nchito. Munthu wafa, eve ali busy kumwa tiyi na ma suspect!"

Vuto linali ine. Buku lililonse ndinkaloza munthu wolakwika. Ndinalozapo wosamalira maluwa, anali wosalakwa. Ndinalozapo dokotala, tsamba lotsatira dokotalayo anaphedwa. Mpaka anandipatsa dzina, Inspector Zero. Ndinkaseka nawo, koma mumtima zinkandiwawa kwambiri.

Buku la mwezi umenewo linali la mkulu wina wodwaladwala amene anafa atangomwa tiyi. Anali ndi mkazi wachiwiri, wamng'ono kwa iye. Ndinati, apa basi, nthawi yanga yakwana. Ndinatseka buku pa chaputala chomaliza, n'kuliponya m'chikwama.

Sabata yomweyo malume anga, ba Phiri a ku Matero, anamwalira. Shuga ndi BP, ndipo anadwala nthawi yaitali, aliyense ankadziwa. Anasiya nyumba ya mabuloko ndi mkazi wawo wachiwiri, bana Chanda, Mbemba wa ku Kitwe. Mayiwa anawasamalira malume mpaka tsiku lomaliza, koma abale athu sankawakonda. Mlandu wawo unali umodzi wokha, woti si akwathu kum'mawa. Wotsogolera chidanicho anali ba Esnart, mlongo wa malemu, amayi anga aakulu.

Monga mwa masiku ano, mtembo usanazizire gulupu ya maliro inali itatsegulidwa kale. M'mawa mwake ndinalembamo maganizo anga, kuti tisasunge maliro podikira anthu akumudzi amene sanakwere n'komwe basi. Palibe anayankha.

Ndili ku shopu kukapempha kuti andimasule, foni inalira. Ba Mutinta: "Lero ndiye deadline. Inspector Zero, tikuyembekezani."

Magazi anawira! Ndinapita kuseri kwa shopu, n'kutsegula foni mwachangu, batire ili pa red chifukwa ku Chawama malaiti anali atapita dzulo lake. Ndinadina gulupu imene inali pamwamba osayang'ana n'komwe dzina lake, n'kuyamba:

"Imwe banthu, tileke kunamizana. Mudala uja sanafe na matenda iyayi. Amene amupaya ni mukazi wake! Nindani enze kumupangila tiyi daily? Nindani enze na ma key ya ku bedroom? Misozi ija ni acting chabe, enze kufuna nyumba. Ine ninamuona kudala. This time sinibweza mau, olo munitukane!"

Send. Foni inazima pomwepo, phi! Ndinaibweza m'thumba ndikumwetulira, n'kukwera minibasi ya ku Matero ndi makabichi a pamaliro.

Nditafika, ndinaona masofa ali panja pansi pa tenti, monga zimakhalira pa maliro alionse. Koma pambali pake panali masutikesi awiri ndi mbaula ndi thumba la mapoto. Ndinangoti mwina ndi katundu wa alendo.

Azibambo atandiona analeka kulankhula. Mkulu wina, amene chibadwire sanandipatseko moni, ananyamuka n'kundisiyira sofa.

"Nkhalani apa, ba Misheck."

Ba Misheck! Ine? Ndinakhala, n'kupingasa miyendo.

Posakhalitsa ba Esnart anatuluka m'nyumba, chitenje chili m'chiuno ngati akupita kunkhondo. Anandikumbatira mpaka makabichi kugwa.

"Mwana wanga! Ndiwe mwamuna weka pa banja pano! Vamene wakamba pa foni, tonse tenze kuviziba, koma kuyopa."

Ine ndinadziwa kuti akunena za anthu akumudzi aja. Ndinakweza mapewa.

"Mayi, wina afunika kukamba chilungamo. Tikapitiliza kunyengelela banthu, tizavutika ise."

"Ndiye vamene ivo! Manje uli sure?"

"Hundred percent."

"Ungabwezepo pamenso pa banthu?"

"Olo pa loudspeaker, mayi!"

Ba Esnart anaimba nthungululu. Pa maliro! Ndinadabwa pang'ono, koma ndinati chisoni chimagwira anthu mosiyanasiyana.

Pamenepo ndinaona azibambo awiri ataima pageti. Anali azichimwene a bana Chanda, ochokera ku migodi, aliyense khosi ngati mtondo. Ankandiyang'ana osaphethira. Ndinawakwezera dzanja mwaulemu. Mmodzi anavula wotchi n'kuiika m'thumba.

Ba elder Tembo a kutchalitchi cha malume anaitanitsa msonkhano wa banja m'chipinda chochezera. Tinalowa. Azimayi anali pa mphasa, ndipo pakona panali bana Chanda, maso otupa, atafunda chitenje kumutu. Pachitseko cha kuchipinda kwawo panali loko watsopano, wonyezimira.

Ba elder anati, "Pamveka mau olemetsa pano. Ba Esnart akuti mayi awa achoke pa nyumba lero, ndipo maliro aime mpaka apolisi abwere. Akuti umboni ulipo."

"Ulipo!" anatero ba Esnart. Anatenga sipika ya kwaya, n'kulumikiza foni yawo.

Ndipo m'nyumba monse munamveka mawu amene ndimawadziwa bwino.

"Imwe banthu, tileke kunamizana..."

Mayo ine! Ndinamva thukuta likutsika kumsana mpaka m'masokosi. Sipika ya kwaya ija ili ndi bass, abale. Mawu oti "acting chabe" anagwedeza mawindo. Bana Chanda analira mokweza, ndipo kulira kumeneko kunandilasa mumtima, chifukwa mayi ameneyu ndi amene ankandisungira nkhuku ndikapita kukaona malume.

Ndinaimirira.

"Ni buku! Nenze kukamba va mu buku!"

"Buku ya chani?" anafunsa mlamu wa malume, wamkulu mwa azichimwene a ku Kitwe aja, akupinda malaya.

"Ya ma detective. Tili na group. Nasokoneza ma group chabe!"

Ba Esnart anandikoka shati. "Iwe, osayopa aba. Panja apa wakamba kuti hundred percent!"

"Nenze kukamba va banthu ba kumunzi!"

"Banthu ba kumunzi nabo balimo?" wina anakuwa kumbuyo. Chipinda chonse chinaphulika. Ena akuti tiitane apolisi, ena akuti mnyamatayu wagulidwa, mlamu uja akungoyandikira pang'onopang'ono ngati minibasi yofuna pasenja.

Ndinatsegula chikwama n'kutulutsa buku lija, n'kulikweza m'mwamba ngati Baibulo. Ba elder analitenga, anavala magalasi, n'kuyang'ana chikuto. Panali chithunzi cha kapu ya tiyi ndi chigaza.

Apo bana Chanda anachotsa chitenje kumutu. Analankhula motsitsa, koma aliyense anamva.

"Mulekeni abelenge. Nifuna nimvele mwamene ninamupayila mwamuna wanga."

Ndinayamba ndafotokoza nkhani yonse mwachidule, kenako ndinatsegula chaputala chomaliza chija, chimene ine mwini ndinali ndisanachiwerenge. Ndinkawerenga Chizungu n'kumamasulira m'Chinyanja. Detective anasonkhanitsa banja lonse m'chipinda chochezera.

"Monga ise so," anatero mayi wina.

Ndinapitiriza.

Mukudziwa, anthu a pa maliro ndi owerenga abwino kuposa gulupu yathu. Pasanapite nthawi azibambo a mu tenti anali pawindo. Azimayi ophika anabwera ndi mithiko m'manja. Aliyense anali ndi maganizo.

"Uyo wanchito wa mu nyumba nimukaikila. Alankhula bwino maningi."

"Awe, ni m'busa uja. Afuna chani pa nyumba ya bene daily?"

Ba elder anakhosomola.

"Manje uyu detective sakamba chabe zina? Atizungulusa monga conductor alibe change!"

Ndinafika pamene detective anatembenukira kwa mkazi wamasiye. Ndinawerenga, n'kumasulira. Anati mayi uyu alibe mlandu. Tiyi amene ankapanga anali tiyi chabe. Anamukonda mwamuna wake, ndipo m'nyumba yonseyo ndi yekhayo amene ankalira zenizeni.

Ba elder anayang'ana ba Esnart pamwamba pa magalasi. Ba Esnart anayang'ana kudenga, kenako anapisa dzanja m'bulauzi, n'kutulutsa kiyi wa loko uja, n'kumuika pa mphasa osayang'ana munthu. Mlamu wamng'ono anatuluka kukatenga masutikesi.

Ine ndinatseka buku msanga. "Basi, mwamvela mweka. Nipempha chikhululuko kwa ba aunt, na kwa banja yonse. Tiyeni tipitilize maliro."

"Iwe!" anakuwa mayi wa mthiko. "Manje wapaya nindani?"

"Ee, nindani?" anatero a pawindo.

Ngakhale mlamu wamkulu uja anali atakhala pansi. "Tsiliza, mwaiche. Sitinachoke ku Kitwe kuti timvele half."

Ndinatsegulanso. Maso anga anathamangira kutsogolo, mizere ingapo, ndipo ndinaona dzina.

"Apa Chizungu chavuta," ndinatero.

"Leta kuno," anatero ba elder. Anandilanda buku, anakonza magalasi, n'kuyamba kumasulira ndi mawu awo a paguwa aja, pang'onopang'ono, kuti ndi wogontha yemwe amve.

"Akuti wakupha ndi munthu amene ankabwera kudzaona wodwala ndi nkhope yachifundo. Akuti ndi amene anayamba kuloza chala mkazi wamasiye, kuti anthu asayang'ane kwa iye. Akuti ankadziwa kuti mayiyo akachoka, nyumba igwera iyeyo." Anaima, n'kutsitsa buku. "Akuti ndi mphwake wa malemu. Mwana wa mlongo wake."

Tsono inu mukudziwa mwambo wa kwathu kum'mawa, kuti chuma cha malume chimayang'ana kwa mwana wa mlongo. Ndipo m'chipinda monsemo mwana wa mlongo wa malemu, wamwamuna, analipo mmodzi yekha.

Mitu yonse inatembenuka. Ya pamphasa, ya pawindo, ndi ya ba Esnart yomwe. Ba Esnart anasuntha pang'ono kutalikirana nane.

Bana Chanda anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti pakona ya mlomo wawo pakugwedera ngati akubisa kuseka.

"Misheck, mwana wanga," anatero mokoma. "Ija juice unabweletsela ba malume bako pa Sondo, unaigula kuti?"

Ukafuna kugwira wakupha, abale, yamba waona ngati kumapeto kwa buku kulibe iweyo.