Chigoli chimene palibe anachiona

Lolemba
Zatheka! Loweruka timu yathu ikusewera ndi anyamata a ku Chisi, ndipo ine ndiulutsa mpirawo layivi pa intaneti. Abale a ku Joni aonere, a ku Lilongwe aonere, dziko lonse! Zofunika: foni (ilipo), bandulo (ndigula), mawu a muulutsi (ndinabadwa nawo).

Lachiwiri
Pabwalo netiweki kulibe. Ndazungulira ponseponse foni ili m'mwamba ngati ndikuingitsa mbalame mumpunga. Ikugwira pachulu pokha, kuseri kwa khola la Che Bwanali. Ndikaima pamenepo ndikuona golo limodzi ndi mtengo wa mango.

Lachitatu
Tasamutsa bwalo. Magolo tazula, tawazika pafupi ndi chulu. Kona ina yalowa m'munda wa nandolo wa Che Bwanali. Akuti palibe mlandu, bola nkhope yawo ikaoneke kwa mwana wawo ku Joni.

Lachinayi
Kuyeserera. Oonera ndi awiri: mayi a kunyumba, amene akhala patsinde pa chulu pomwepa, ndi munthu wina wosamudziwa amene walemba kuti, "Kodi ndi maliro?" Alamu anga a Dauda, goloboyi wathu, amva kuti matimu a m'tauni adzaonera. Wawauza ndani? Ndine. Imvi zonse adaya, mutu uli bii.

Lachisanu
Potuluka ku mzikiti nkhani yafika mpaka ku Likangala. Aliyense akufuna kuoneka: amayi ogulitsa matemba, kwaya ya kutchalitchi, mkulu wina ndi njinga yake yatsopano. Linki ndagawira onse. Panjira akundipatsa moni ndi manja awiri.

Loweruka
Khamu lake! A ku Chisi afika ndi maboti, ng'oma ndi azakhali awo. Ndakwera chulu, ndayamba. Oonera akuchuluka, mtima uli phaphapha! Kenako ndazindikira: oonerawo ndi omwe ali pabwalo pompano, aliyense wawerama pafoni kufuna kudziona. Netiweki yalemedwa. Chithunzi chaima pa Che Bwanali akuyasamula, kachizindikiro kakungozungulira pamphuno pawo.

Mwadzidzidzi a ku Chisi akuvina, akuti agoletsa. Waona ndani? Oyimbira mpira anali pafoni. A Dauda anali pafoni, kuyang'ana ngati tsitsi likuoneka bwino. Ine ndimagwedeza foni kumwamba. Wogoletsayo akulumbira mpaka misozi. Mpira wathera m'makani, nandolo yense wapondedwa.

Lamulungu
Akomiti a mbali zonse abwera kunyumba kudzaona umboni. Ndawaonetsa. Taonerera Che Bwanali akuyasamula, mkulu wina wa ku Chisi nayenso wayasamula.

Agamula kuti mpira ubwerezedwe pabwalo lakale, ndipo mafoni onse azisiyidwa m'dengu polowera. Ine sanandiiwale. Akuti poti zamafoni ndimazidziwa, ndidzakhale pansi pa mtengo kulondera dengu.