Kafayilo Kamene Kanandikwatitsa

Mpaka lero ndikakumana ndi akuluakulu a mpingo wathu pa Namadzi ndimayang'ana pansi ngati ndataya singano. Wandichititsa zimenezi ndi kafayilo kamodzi kakang'ono.

Ndinali nditangophunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta ku Blantyre, ndipo ndinabwerera kwathu mapewa ali m'mwamba. Mpingo unali utalandira kompyuta yakale, ndiye akuluakulu anandipempha kuti ndiwapangire pulogalamu yosungira mayina a akhristu, maukwati awo, ana ndi ankhoswe.

Madetabesi akuluakulu, osungira zinthu zoterezi, amafuna kompyuta yawoyawo. Ine ndinapeza kakang'ono kokhala m'kati mwa pulogalamu momwemo. Zonse kamasunga m'fayilo imodzi, moti ukakopera foda, nako kamatsatira ngati kamwana ka mbuzi. Ndinakatama kwa aliyense (ngakhale kwa akabaza amene sanandifunse).

Tsono pulogalamu imayamba yayesedwa ndi mayina ongopeka. Anzeru amalemba "Uje Uje". Ine ndinalemba Felesiya, mtsikana wa m'kwaya amene ndinkamufuna, koma sindinkalimba mtima kumuuza. Pa mwamuna wake ndinaikapo dzina langa. Ana ndinaika atatu. Pa nkhoswe ndinalemba a Makwinja, amalume ake, mkulu wa mpingo amene sankaseka wamba. Pulogalamu inavomera ukwatiwo osafunsa ngakhale nkhuku, ndipo ndinasangalala kwabasi.

Loweruka masana ndinakopera foda yonse pa fulashi, ulendo ku ofesi ya mpingo. Zoti ndifufute zoyesera zija sizinandibwerere m'mutu n'komwe.

"Muli mbee umu, tiyamba kulemba lero," ndinawauza akuluakulu aja monyada.

"Tiyambe ndi mbumba yanga," anatero a Makwinja. "Lemba Felesiya."

Nditangogogoda zilembo zoyamba, banja langa lopeka lija lonse linatulukira pa galasi la kompyuta. Ndinafuna kutchinga ndi dzanja, koma alembi a mpingo anali atavala kale mandala, n'kuyamba kuwerenga mokweza ngati zolengeza za Lamulungu. Anatchula mkazi, mwamuna, ana onse ndi mayina awo. Atafika pa nkhoswe anatsokomola, koma anawerengabe.

"Ine?" a Makwinja anadziloza pachifuwa. "Ukwati umenewu ndinauimira liti?"

"Ndi zoyesera chabe, bambo."

"Ukuyesera pa mwana wa mlongo wanga? Nanga anawa akudya kuti?"

Abusa anatuluka panja kukaseka. Ine ndinkangopempha mumtima kuti magetsi azime. Tsiku limenelo lokha sanazime.

Pofika Lamulungu nkhani inali itafika ku Mpama, ndipo amayi ena anandifunsa ngati wamng'ono uja wayamba kuyenda. Chimene chinkandiwawa ndi chakuti Felesiya tsopano azindithawa. Mapemphero atatha anandipeza kuseri kwa tchalitchi, nkhope ili gwa.

"Achimwene, kompyuta mumaiuza zonse, mwini wakene osandiuza?"

Ndinachita chibwibwi, koma ndinamuuza.

Masiku ano ndisanapereke pulogalamu kwa munthu, kafayilo kaja ndimakatsegula kaye n'kukasesa. Koma phunziro lenileni sindikudziwa ngati ndinalitola, chifukwa a Makwinja anadzaimiradi ukwati wathu. Ana tili nawo awiri, ndipo akabwera kudzacheza amawawerenga ndi ndodo, kenako n'kundiyang'ana.

"Mkamwini, wachitatu uja munalemba ali kuti?"