Mkazi Wanga Wachiwiri Anabwera M'katoni

Nkhani iyi ndimaibisa, koma popeza pa Ngala aliyense akuifotokoza mothira mchere wake, kuli bwino muimve kwa ine mwini manyaziwo.

Ndimaweta nkhuku zoikira, ndipo mazira ndimagulitsa m'maloji. Nkhuku zamtunduwu zimafuna kuwala maola angapo dzuwa likalowa, apo ayi zimachita ulesi. Kwathu mawaya a magetsi sanafike, choncho m'khola ndinaikamo mababu anayi oyendera batire la galimoto lotchajidwa ndi sola.

Vuto linali kuzimitsa. Ntchitoyi inali ya akazi anga, amake Tadala, chifukwa ine ndikangodya ndimagwa ngati chipika. Iwonso ndi munthu, masiku ena ankaiwala, mababu n'kuyaka mpaka m'mawa. Batire loyamba linafa choncho. Lachiwiri litayamba kufooka ndinawalankhula mawu amene sindingawabwereze pano, n'kumaliza ndi kunena kuti tsiku lina ndidzapeza wina wodziwa nthawi.

Ndinkanena kachipangizo. Bambo wina wokonza magetsi pa loji anali atandiuza kuti kuli kanthu kotchedwa taima, kamene kamayatsa ndi kuzimitsa kokha pa ola limene wakauza. Anandichenjeza kawiri kuti ndigule ka batire, osati kobaya pakhoma.

Ndinayamba ndi pa Dwangwa. Sitolo yoyamba anandipatsa wotchi yapakhoma. Yachiwiri anandipatsa switchi wamba, n'kundiuza kuti taimayo ndikhale ineyo. Ndinakwera minibasi mpaka ku boma, kumene ndinakapeza kamodzi, koma kobaya pakhoma. Ndinabwerako ndi fumbi lokha.

Ndiye ndinakumbukira a Mhango, anzanga oyendetsa lole amene amakatenga katundu ku Dar es Salaam. A Mhango ali ndi chizolowezi chotchula makina ngati anthu. Lole yawo amati "mayi uyu", jeke amati "mkulu uyu". Ukamalankhula nawo, nawenso umangotengera.

Ndinawaimbira madzulo ena nditakhala pakhonde, amake Tadala akusenda chinangwa kumbali kwa nyumba. Ndinati andibweretsere Taima, chifukwa ndamufunafuna Dwangwa yonse osamupeza. Ndinati ndikufuna wosatopa, wosaiwala, wosayankha mwano, woti ndikamuuza kamodzi wamva.

Mpeni unasiya kulira kumbali kuja.

Kwathu kuno a Fatima alipo ambiri, ndipo ena timangowaitana Tima. Dzina loti Taima silikanadabwitsa munthu. Ndinazindikira nthawi yomweyo zimene akazi anga amva. Mawu awiri okha akanathetsa zonse.

Sindinawanene. Apa ndi pamene pali manyazi enieni. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, dazi linafika kunkhongo, ndipo panali patapita zaka zambiri popanda wondiganizira kuti mkazi wina angandiyang'ane kawiri. Zinandikomera mumtima. Choncho pamene a Mhango anafunsa pafoni m'Chitumbuka chawo kuti, "Mukukhumba wa magesi ghani, wa batire panji wa pachiŵumba?" ine funso lenilenilo, loti wa batire kapena wobaya pakhoma, sindinalisamale. Maganizo anga anali kwa amene ankamvetsera. Ndinakweza mawu.

"Aliyense, achimwene. Bola akhale wooneka bwino."

Sabata yoyamba inayenda mokoma. Amake Tadala sanafunse kanthu, koma ndiwo zinasintha, malaya anga anayamba kusitidwa. Pa bawo anzanga anayamba kundisiyira mpando wabwino. Wina anandinong'oneza kuti akazi a ku Tanzania amafuna mafuta onunkhira, ndikonzekere. Ine ndinangomwetulira ngati munthu wodziwa zambiri.

Sabata yachiwiri kunabwera mkulu wa mpingo. Anakhala ola lathunthu akundiwerengera mavesi, n'kundiuza kuti ndiyambe ndapuma pa udindo wanga wa m'komiti yomanga tchalitchi. Ndinamuyankha kuti zonse zidzaoneka poyera mlendoyo akafika. Ndinkadziona ngati wochenjera kwambiri. Ndinkaganiza za tsiku limene onse adzachite manyazi, ine ndikuseka.

Lachitatu la sabata imeneyo ndinabwera kokapereka mazira, n'kupeza nyumba ili zii. Masutikesi awiri kulibe, makina osokera kulibe. Mayi woyandikana nafe anandiuza, osandiyang'ana kumaso, kuti amake Tadala apita kwawo ku Chia, ndipo achoka akulira.

Apa kuseka kunatha. Ndinaimba foni, sanayankhe. Ndinalemba uthenga wofotokoza kuti Taima ndi kachipangizo ka magetsi. Anayankha mlamu wanga, kuti bodza limeneli ndikauze nkhuku zanga. Nkhukuzo nazo zinaona zakuda. Ndinkagona osazimitsa, batire linkatha, mawa lake khola mdima, ndipo mazira anatsika mpaka loji ina inayamba kugula kwa munthu wina.

Patapita masabata angapo, ankhoswe anapangana zokumana Loweruka. Ndinapempha a Mhango kuti afike tsiku lomwelo, zivute zitani.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango pakhomo panga. Kumbali ya akazi anga kunali amalume awo, a Kaliwo, mlimi wa mpunga wosakonda kuseka. Kumbali yanga kunali achimwene anga aakulu, amene ankangoyang'ana nsapato zawo. Amake Tadala anakhala pamphasa, ataonda mooneka. Kuseri kwa mpanda kunadzaza amayi amene mwadzidzidzi onse anali ndi zochita pafupi ndi nyumba yanga.

A Kaliwo anafunsa ngati n'zoona kuti ndaitanitsa Taima kuchokera ku Tanzania. Ndinavomera, ndipo ndinati ali m'njira. Mayi wina kuseri kwa mpanda anatsonya.

Posakhalitsa njinga yamoto inaima pamsewu. Makosi onse anatalika. Anatsika a Mhango okha, atakhwapatira kakatoni kakang'ono ngati ka sopo.

"Nabwera naye mlendo winu," anatero. "Muwemi chomene, wokongoladi, mwekha mumuwone."

Ndinatsegula katoniyo pang'onopang'ono kuti aliyense aone. Kanthuko kanali koyera, kosalala, kokhala ndi manambala kutsogolo. Kanalidi kooneka bwino. Ndinakakweza m'mwamba n'kufotokoza ntchito yake, ndikudikira kuti anthu aseke, akazi anga apepese.

Palibe anaseka. A Kaliwo anati iwo ndi munthu wakumunda, mawu okha sawamva, ndikawaonetse kakugwira ntchito.

Tonse tinapita kukhola, ndi a kuseri kwa mpanda omwe. Ndinagwada pa batire, n'kutembenuza kachipangizo kaja kuti ndione polumikiza mawaya. Kumbuyo kwake kunali mano atatu obaya pakhoma, ofanana ndendende ndi a kaja ndinakakana ku boma. Ndinafunsa a Mhango kuti ichi n'chiyani. Iwo anayankha pamaso pa onse kuti anandifunsa bwinobwino, ine n'kunena kuti aliyense, bola wooneka bwino.

Ndinakhala chigwadire mu zitosi, nkhuku zikundijompha malamba a nsapato.

Amake Tadala ndi amene analankhula, motsitsa mawu. "Bambo a Tadala, tsiku lija pakhonde, munkadziwa kuti ndikumva?"

Ndinati ndinkadziwa.

"Ndipo munkandiona ndikusita malaya anu ndikulira, inu n'kumavala?"

A Kaliwo anapukusa mutu. Anati pa ukhoswe wawo aweruzapo mitala, aweruzapo zibwenzi, ndipo zonsezo amazimvetsa chifukwa pamakhala munthu. Koma mwamuna wopasula banja lake chifukwa cha pulasitiki, pulasitikiyo n'kukhalanso yolakwika, aka kanali koyamba. Anatenga amake Tadala n'kubwerera nawo ku Chia, kuti akaganize okha ngati angathe kukhala ndi munthu wotere.

Anaganiza mwezi wathunthu. Udindo wa kutchalitchi sunabwerere, ndipo pa bawo dzina langa linasanduka "a Bambo a Taima" mpaka lero.

Tsiku limene anabwera ndinapha tambala, ndinasesa ndekha pabwalo. Anadya bwino, anayankha moni wanga mwaulemu. Titatha kudya ndinawaona akunyamula bulangete kulowera kuchipinda cha alendo. Ndinathamangira kuchipinda chathu kuti ndione chavuta n'chiyani. Pa pilo yawo panali kachipangizo kaja, atakafunditsa chitenje mpaka m'khosi.

"Nanga izi?" ndinafunsa.

"Pamitala timasinthana," anayankha akutseka chitseko. "Sabata ino ndi ya mnzanga."

Ndinaphunzirapo chimodzi: mwamuna wa dazi akafuna kuti amukayikire kuti ndi wachimasomaso, amangotsimikizira anthu kuti ndi chitsiru.