Mango Anga ndi Mapeyala a ku Zobue

...ndiye musandiuze zoti ndimapsa mtima msanga, ayi! Inu mwangofika kumene, imvani kaye. Manyazi ndinachita, sindikukana, mpaka pano ku Zobue sindipondako. Koma mlanduwu si wanga ndekha.

Mwamuna wanga Zeca amayendetsa kamyau, lole yaikulu ija, kuchoka kuno ku Moatize kukafika pamalire pa Zobue kawiri pa sabata. Munthu ameneyu ndinamukopa ndi mango. Kwa mayi anga ku Benga kuli mtengo wa mango otsekemera ngati uchi, ndipo tili pachibwenzi ankadya asanu osapuma, madzi ake kuyenderera mpaka m'chigongono.

Chaka chino mango apsa, ndamusendera bwinobwino, iye akuti, "Ndakhuta, amor, wokondedwa wanga." Nthochi zakupsa, "Ndikadyera panjira." Masawu ouma, "Mano akundiwawa." Koma akamachokera ku Zobue, thumba lili tho ndi mapeyala, mandimu ndi magwafa olimba ngati miyala. Akhala pakhonde n'kumadya peyala lothira mchere. Mchere, abale! Shuga osaikako ngakhale kambewu.

Tsiku lina akusamba ndinatsegula telefone yake. Pamwamba penipeni pali uthenga wochokera kwa "Dona Fina Zobue": "Anu ndakusungirani pansi pa tebulo. Za kunyumbazo musadye."

Za kunyumbazo musadye! Ine ndasanduka "kunyumbazo"!

Ndinajambula uthengawo n'kutumizira msuweni wanga Lurdes. Sanachedwe kuyankha: "Mana, m'bale wanga, wamudyetsa ameneyo. Mwamuna wamutu wake angasiye mango n'kumalimbana ndi gwafa losapsa? M'mapeyalamo muli mankhwala."

Basi, magazi anawira. Lachisanu iye atanyamuka, ndinalongedza mango m'thumba n'kukwera shapa, minibasi ya ku Zobue. Ulendo wonse ndikuyeserera mawu oti ndikalankhule, mpaka bambo amene ndinakhala nawo pampando anandifunsa ngati ndikupemphera.

Kamyau ya Zeca ndinaipeza pamzere wa pamalire, mwini wake mulibe. Ndalowa mumsika, ndi uyo! Wakhala pa benchi kuseri kwa mulu wa mapeyala. Mayi wina wakhungu losalala, chitenje chatsopano cha kapulana m'chiuno, wagwira dzanja la mwamuna wanga, wawerama, akusisita chala chake. Masanasana, anthu akuona!

"Siya dzanja limenelo!"

Msika wonse unatembenuka. Zeca anadzuka ngati wakhalira moto.

"Nelsa! Ukutani kuno?"

"Ndabwera kudzaona amene amakuuza zoti udye ndi zoti usadye. Ndiwe Fina iwe? Mapeyala akowa umathiramo chiyani?"

"Mwananga, khala pansi," anatero mayiyo, mawu ali phee.

"Mwanako ndani? Ine ndine kunyumbazo!"

Ndinasolola bango lalikulu m'thumba, kulisenda ndi mano, n'kuliika pakamwa pa Zeca.

"Idya! Idya za mkazi wako pamaso pake, aone!"

Zeca amandidziwa ndikafika pamenepo. Anayang'ana ine, anayang'ana anthu, n'kutsegula pakamwa. Asanalume, Dona Fina analimenya bangolo, phaa, mpaka linakagwera mu beseni la tomato la mayi woyandikana naye.

"Ukufuna kumupha mwamuna wako? Shuga wake wakwera kale lero, taona apa!"

Anandionetsa kamakina kakang'ono kamene kanali m'dzanja lake linalo. Pachala cha Zeca panali kadontho ka magazi.

"Shuga wanji?"

"Matenda a shuga, mwananga. Ine ndakhala nawo zaka zambiri, kamakina aka ndi kanga. Madalaivala odwala shuga amagula kwa ine chifukwa ndimawasankhira. Peyala adye, silikweza shuga. Gwafa limodzi, lolimbirapo. Ndimu m'madzi. Koma mango, nthochi zakupsa, masawu ouma, zimenezo alawe kachidutswa basi, osati beseni lonse. Kuchipatala anamuuza zomwezo, pamodzi ndi kuchepetsa buledi ndi mpunga."

Ndinatembenukira Zeca. "Ukudwala? Kuyambira liti?"

"Anandipeza nawo atandiyeza kuchipatala, mvula isanayambe."

"Ndiye ine osandiuza?"

"Amor, iwe chilichonse umaika pa status. Mabwana akanaona zoti dalaivala wawo akudwala, kamyau akanandisiyira?"

Ndinafuna kukana, koma ndinakumbukira kuti tsiku limene anatsegula m'mimba ndinalemba "Mupempherereni mwamuna wanga" ndi chithunzi chake.

Ndikanangochoka pomwepo zikanakhala bwino. Koma mayi wa tomato uja anatola bango langa m'beseni, kulinunkhiza, n'kukuwa:

"Iii, anzanga! Ndi mango a ku Benga aja! Ndiye awa ndi amene amatitumizira?"

Amayi onse a pamzerewo anaomba m'manja. Kani mango onse amene ndinkamulongedzera ndi chikondi kuti akadyere panjira, Zeca ankagawa pamsika pompo. Miyezi iwiri ndakhala ndikudyetsa Zobue yense!

"Mwabweretsa ena, mana?" wina anafunsa, dzanja lili kale m'thumba langa.

Ndinabwerera m'kamyau ya Zeca, thumba la mango lopanda kanthu, pamiyendo pali mapeyala asanu ndi limodzi amene Dona Fina anandisankhira yekha. Anandiphunzitsanso kubaya chala. Ndinati zikomo, koma mano ali gwa.

Chimene ndaphunzira n'choti mwamuna akasiya kudya zako, yamba wamuyeza magazi usanakwere shapa.

Panopa peyala ndimamusendera ndine, mchere ndimathira ndine, status sindinaikepo kanthu. Koma Lachisanu lililonse akadali kupita kwa Dona Fina, ndipo uthenga umabwerabe: "Lero zili bwino, pitirizani." Pitirizani! Mkazi wina adziwe za m'magazi a mwamuna wako iwe usanadziwe, amugwire chala, amusungire zake pansi pa tebulo, ndiye inu mukuti ndisachite nsanje? Alipo pano amene sakanakwera shapa imene ija?